NDEMANGA: Ophunzira akale a ku Milange abwerere ku sukulu zimene zidawalera

Pa 12 Okutobala chaka chilichonse dziko la Mozambique limakumbukira Tsiku la Aphunzitsi. Tsikuli lidasankhidwa kaamba koti ndi pa 12 Okutobala 1981 pamene padakhazikitsidwa bungwe la aphunzitsi la Organização Nacional dos Professores. Ku Milange, monga m'maboma ena a chigawo cha Zambezia, aphunzitsi amavala nsalu zofanana, amaguba, amaika maluwa pa bwalo la ngwazi, akuluakulu amalankhula, ndipo dzuwa likapendeka aliyense amabwerera kwawo. Anthu amene saoneka kawirikawiri pa mwambowu ndi ophunzira akale, amene adadutsa m'manja mwa aphunzitsiwo zaka 30 kapena 40 zapitazo.

Sikuti anthuwa adaiwala sukulu zawo. Akakumana pa msika, pa ukwati, pa maliro kapena m'galimoto ya pa msewu wa Mocuba, nkhani ya ku sukulu siichedwa kubuka. Wina amakumbutsa mnzake za mphunzitsi wa masamu amene sankaseka, wina za mtengo wa mango umene udali kalasi yawo, wina za tsiku limene adathawa mayeso. Amaseka, nthawi zina amagwetsa misozi, kenaka amatsanzikana. Tsamba lino likuona kuti nkhani zimenezi n'zamtengo wapatali kwambiri moti siziyenera kuthera pa msika. Ziyenera kubwerera ku sukulu komwe zidachokera, ndipo eni akewo abwerere nazo limodzi, chifukwa sukuluzo zikuwafuna.

Ophunzira akale a ku Milange ali m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse lili ndi zake zimene limakumbuka.

Gulu loyamba ndi la agogo amene adaphunzira nthawi ya Apwitikizi. Kuyambira m'chaka cha 1940, pamene boma la Portugal lidapangana ndi likulu la mpingo wa Katolika, maphunziro a mwana wakuda adaperekedwa m'manja mwa amishoni. Mwana ankayamba ndi makalasi otchedwa ensino rudimentar, momwe ankaphunzira katekisimu, Chipwitikizi pang'ono ndi ntchito ya khasu m'munda wa mishoni. Agogowa amakumbuka palmatória, kathabwa ka mabowo komenyera m'manja, kamene kankagwera mwana akalakwa kapena akalankhula chinenero cha kwawo m'kalasi. Ambiri sadapitirire, chifukwa minda ya tiyi ya m'mphepete mwa phiri la Tumbine inkafuna manja. Pamene dziko linkalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa anthu 100 aliwonse m'dziko muno sankadziwa kulemba ndi kuwerenga.

Gulu lachiwiri ndi la ana a ufulu. Pa 24 Julayi 1975 boma lidatenga sukulu zonse kuti zikhale m'manja mwake, ndipo ana adakhamukira ku sukulu mwa unyinji umene sudaonekepo kale. Aphunzitsi adachepa. Pa 8 Malichi 1977 Pulezidenti Samora Machel adaitana achinyamata a m'makalasi omaliza a sekondale kuti asiye maphunziro awo akagwire ntchito zimene dziko linkasowa, ndipo ambiri a iwo adasanduka aphunzitsi n'kutumizidwa kutali ndi kwawo. N'chifukwa chake ana a nthawiyo amakumbuka aphunzitsi achinyamata ochokera m'zigawo zina, amene sankamva Chichewa, Chilomwe kapena Chimarenje, ndipo ena a iwo ankasiyana ndi ophunzira awo ndi zaka zitatu kapena zinayi zokha. Amakumbukanso munda wa sukulu, nyimbo za m'mawa pa mzere, ndi makolo awo amene madzulo ankakhala pa mabenchi omwewo kuphunzira zilembo pamene ntchito yophunzitsa akuluakulu idayambika m'dziko lonse mu 1978.

Gulu lachitatu ndi la ana a nkhondo, ndipo ndilo lalikulu. Nkhondo idakula m'chigawo cha Zambezia kuyambira mu 1982. Sukulu za kumidzi zidayamba kutsekedwa imodzi imodzi, chifukwa mphunzitsi ankaonedwa ngati nkhope ya boma, ndipo aphunzitsi ambiri adaphedwa, ena adagwidwa, ena adathawa. Mu 1986 tauni ya Milange idagwa m'manja mwa Renamo, ndipo asilikali a boma adailandanso mu 1988. Anthu adaoloka mtsinje wa Muloza n'kulowa m'boma la Mulanje ku Malawi, ena ali ndi zovala za m'thupi zokha. Nkhondo isanathe, Malawi adali atalandira othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. M'dziko muno sukulu za pulayimale zoposa theka zidali zitawonongedwa kapena kutsekedwa, ndipo Zambezia ndi Tete ndizo zigawo zimene zidavulala koposa.

Ana a nkhondowa adaphunzira m'njira zosiyanasiyana. Amene adali m'misasa, monga wa pa Muloza kapena wa Mankhokwe ku Nsanje, adapeza sukulu zophunzitsa m'Chipwitikizi, ndipo aphunzitsi ake adali othawa nkhondo anzawo. Amene adalandiridwa ndi achibale m'midzi ya ku Mulanje adalowa sukulu za Malawi n'kuphunzira m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Amene adatsala kuthengo, ambiri sadaone choko kwa zaka zingapo. Onsewa amakumbuka zofanana: kukhala pa mwala kapena pa njerwa, kulemba pansi ndi chala, kudula pensulo imodzi pakati kuti ikwanire ana awiri, kugawa kope limodzi kuti mulowe maphunziro onse, ndi kupita m'kalasi m'mimba muli pululu chakudya cha mumsasa chikachedwa.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu adayamba kubwerera, ndipo pofika 1995 ambiri adali atafika kwawo. Adapeza makoma opanda madenga ndi mabwalo omera tchire. Mwana amene adafika Sitandade 6 ku Malawi ankabwezedwa m'makalasi oyamba chifukwa sankadziwa Chipwitikizi, ndipo ambiri adachita manyazi kukhala pakati pa tiana, n'kusiya sukulu. Koma ndi nthawi yomweyo pamene makolo adaonetsa mphamvu zawo. Sadadikire lamulo lochokera ku Quelimane. Adadula mitengo, adamweta udzu, adaumba njerwa, adamanga zisakasa, n'kupita kwa akuluakulu a maphunziro kukapempha mphunzitsi. Sukulu zingapo zimene lero zili ndi malata zidayamba motero.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mbiri yonseyi siidalembedwe. Mabuku a maina a ophunzira ndi a zotsatira za mayeso adapsa pamodzi ndi maofesi, ena adadyedwa ndi chiswe, ena adanyowa. Alipo anthu amene adamaliza kalasi 4 kapena kalasi 6 koma alibe pepala loonetsa, ndipo adalephera kupeza ntchito kapena kupitiriza maphunziro chifukwa cha chimenecho. Mphunzitsi wamkulu amene watumizidwa lero ku sukulu ya ku Majaua kapena ku Mongue angapeze kuti palibe cholembedwa chonena chaka chimene sukuluyo idayamba, munthu amene adapereka malo, kapena dzina la mphunzitsi woyamba. Zonsezi zili m'mitu ya anthu. Mwana amene adaoloka Muloza ali ndi zaka khumi mu 1986 lero ali m'zaka za m'ma 50. Achinyamata a pa 8 Malichi 1977 adadutsa kale zaka 60. Maliro aliwonse a mmodzi wa iwo amapita ndi gawo la mbiri ya sukulu ina, ndipo palibe wina amene angalibweze.

Wina angafunse kuti mbiri ya sukulu ipindulira chiyani mwana amene lero alibe desiki. Yankho lake likuonekera poyang'ana mavuto a sukulu za ku Milange masiku ano. Ambiri mwa mavutowo ndi omwe aja amene ophunzira akale adakumana nawo, ndipo amadziwa m'mene adawagonjetsera kapena m'mene adawagonjera.

Zoona zake n'zakuti zinthu zina zidasintha. Ndalama zolembetsera ku pulayimale zidachotsedwa pakati pa zaka za m'ma 2000. Lamulo nambala 18/2018 lidakhazikitsa kuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo pulayimale tsopano imathera pa kalasi 6. Mabuku a pulayimale amaperekedwa ulere. Koma Milange ndi limodzi mwa maboma okhala ndi anthu ambiri mu Zambezia, ngakhale dera la Molumbo lidapatulidwa kukhala boma palokha mu 2013, ndipo ana amachuluka kuposa zipinda. Makalasi a pansi pa mtengo sadathe. Mvula ikayamba, maphunziro amaima. Mphepo za mkuntho, monga ya Ana mu Januwale 2022 ndi ya Freddy mu Malichi 2023, zidasasula madenga ndi kugwetsa makoma mbali zonse ziwiri za malire. Anthu a m'tsinde mwa Tumbine, amene amakumbuka m'mene phirilo lidagumukira mu Januwale 1998, amadziwa kuti mvula ya kuno si yochita nayo masewera.

Palinso vuto la malonda. Nyengo yokolola chimanga ndi nandolo, mnyamata wa kalasi 5 amaona anzake akupalasa njinga zonyamula matumba kupita ku malire n'kubwerera ndi ndalama m'thumba tsiku lomwelo. Mphunzitsi akamuuza kuti sukulu idzamupindulira patapita zaka khumi, mnyamatayo amaona ngati nthano. Atsikana ali ndi msampha wawo. Ngakhale lamulo nambala 19/2019 lidaletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo mu 2018 boma lidachotsa lamulo limene linkakankhira atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku, atsikana ambiri amasowabe m'kalasi akangotha msinkhu. Ndipo m'midzi ya m'malire, makolo ena amatumiza ana awo ku sukulu za ku Malawi, komwe pulayimale idakhala yaulere kuyambira 1994 ndipo mwana amayamba kuphunzira m'chinenero chimene amalankhula kunyumba. Anawo akadzafuna ntchito kwawo kuno, amakumana ndi khoma lomwe lija la Chipwitikizi limene lidabweza makolo awo mu 1994.

Poona zonsezi, tsamba lino likupempha ophunzira akale a ku Milange zinthu zinayi.

Choyamba, alembe mbiri ya sukulu zawo. Ntchitoyi siifuna ndalama zambiri. Ifuna kope limodzi lachikuto cholimba pa sukulu iliyonse, ndi anthu awiri kapena atatu odziwa kulemba amene angakhale pansi ndi mfumu, aphunzitsi opuma ndi makolo akale. Alembe chaka chimene sukulu idayamba, m'mene idatsekedwera, kumene ana ake adathawira, amene adaimanganso, ndi maina a aphunzitsi onse amene akukumbukika, makamaka amene adafa pa ntchito. Kopelo lisungidwe pa sukulu, lina lofanana nalo lipite ku ofesi ya maphunziro ya boma la Milange. Alembe m'Chipwitikizi ndi m'chinenero cha m'deralo, kuti agogo amene adafotokoza nkhanizo athe kuzimva zikamawerengedwa. Wailesi ya m'dera ya Thumbine ingathandize poitana anthuwa kuti afotokoze pa mphepo, chifukwa mau amene amveka pa wailesi amadzutsa ena amene adali chete.

Chachiwiri, alowe m'makhonsolo a sukulu. Malamulo a maphunziro amafuna kuti sukulu iliyonse ikhale ndi Conselho de Escola, momwe mumakhala mphunzitsi wamkulu, oimira aphunzitsi, oimira ophunzira, oimira makolo ndi oimira anthu a m'deralo. Kuyambira 2003 boma limatumiza ndalama mwachindunji ku sukulu za pulayimale kudzera m'ndondomeko ya Apoio Directo às Escolas, ndipo khonsoloyo ndiyo iyenera kuona m'mene ndalamazo zagwirira ntchito. Vuto n'lakuti kholo losadziwa kuwerenga limasaina pepala limene silikulimva, ndipo limaopa kufunsa. Wophunzira wakale amene lero ndi namwino, kalaliki, wamalonda kapena m'busa amatha kuwerenga lisiti n'kufunsa chifukwa chimene malata khumi alembedwera pamene pa denga pali asanu. Amathanso kufunsa mwaulemu chifukwa chimene mphunzitsi sanaonekere sabata yathunthu, ndiponso kuimira mphunzitsiyo kwa akuluakulu ngati alibe nyumba kapena malipiro ake achedwa. Mpando wa m'khonsolo ulibe malipiro, n'chifukwa chake anthu ophunzira amauthawa. Koma mpando umenewu ndi umene ungasinthe sukulu msanga kuposa mphatso ya tsiku limodzi.

Chachitatu, alankhule ndi ana ndi makolo m'chinenero chawo. Mayi amene adaphunzira pansi pa chisakasa ku Muloza, nabwezedwa kalasi atabwerera, koma adapirira mpaka lero akugwira ntchito m'chipatala, akaima pamaso pa atsikana a kalasi 6 mau ake amalemera kuposa chikwangwani chilichonse. Bambo amene adasiya sukulu chifukwa cha njinga ya malonda, lero nkumadandaula, nayenso ali ndi phunziro loti apereke, ndipo asachite manyazi. Anthuwa ndiwonso angafotokozere makolo ubwino wa maphunziro a zinenero ziwiri. Kuyesa koyamba kophunzitsa ana m'Chinyanja kudachitika ku Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo kuyambira 2003 boma lidayamba kulowetsa zinenero za m'dziko muno m'makalasi oyamba a sukulu zina. Makolo ena amakana, poganiza kuti mwana wophunzira m'Chichewa kapena m'Chilomwe akuchedwetsedwa. Munthu amene adakhala zaka ziwiri m'kalasi osamva chimene mphunzitsi akunena ndiye angawauze kuti kuchedwa kwenikweni n'kumeneko. Mwana akayamba kuwerenga m'chinenero chimene amachidziwa, Chipwitikizi chimamupeza ali kale ndi maziko. M'mera mpoyamba.

Chachinayi, amene ali kutali asadzione ngati nkhaniyi siikuwakhudza. Ana a ku Milange ali ku Mocuba, ku Quelimane, ku Nampula, ku Beira ndi ku Maputo. Ena adatsalira ku Mulanje ndi ku Blantyre, ena ali ku Johannesburg. Lero msewu wa Mocuba uli ndi phula, ndipo ndalama zimayenda pa lamya ya m'manja. Anthu makumi awiri amene adaphunzira pa sukulu imodzi akagwirizana kusonkha pang'ono mwezi ndi mwezi, pakutha pa chaka angagule madesiki a kalasi imodzi, kapena kumanga chimbudzi cha atsikana, kapena kulipira mmisiri wodziwa kumanga denga limene mphepo singalisasule msanga. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la sukulu ndiye lolemera koposa.

Pa nkhani ya ndalamayi pafunika chenjezo. Magulu ambiri abwino adafa chifukwa cha msungichuma mmodzi amene sankaonetsa mabuku. Gulu la ophunzira akale likhale ndi anthu atatu osaina, lilembe ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndipo liwerenge poyera pamaso pa khonsolo ya sukulu ndi mfumu. Lisagule chinthu chimene sukulu siidapemphe. Ndipo ndale zitsale kunja kwa mpanda. M'kalasi imodzi ya ku Milange mumakhala adzukulu a anthu amene adali mbali zosiyana pa nkhondo. Gulu limene lingayambe kufunsa kuti uyu adali kuti mu 1987, kapena amavotera chipani chiti, latha lisanayambe. Polemba mbiri, cholinga chikhale kusunga maina a amene adaphunzitsa ndi amene adamanga, popanda kutosa zilonda za mabanja amene lero akukhala moyandikana mwamtendere.

Ena anganene kuti kumanga sukulu ndi ntchito ya boma, ndipo anthu amalipira misonkho pa chifukwa chimenecho. Akunena zoona. Boma ndilo liyenera kumanga zipinda zolimba, kutumiza aphunzitsi okwanira, kuwalipira pa nthawi yake ndi kufikitsa mabuku chaka chisanayambe. Ophunzira akale sangalowe m'malo mwa boma, ndipo akuluakulu a maphunziro asaone kudzipereka kwa anthu ngati mpata wopumira. Koma zimene zidachitika nkhondo itatha zidaonetsa kuti mphunzitsi amatumizidwa msanga kumene anthu aumba kale njerwa. Sukulu imene ili ndi anthu oilankhulira, odziwa kulemba kalata yopita ku ofesi ya maphunziro ndi kubwereranso kukafunsa yankho, imamvedwa kuposa imene ili yokha. Ophunzira akale akayandikira sukulu, boma lidzapeza anthu olifunsa mafunso, ndipo zimenezo n'zabwino kwa onse.

Aphunzitsi akuluakulu nawonso atsekule zitseko. Alipo ena amene amaopa anthu akunja poganiza kuti abwera kudzafufuza zolakwa. Mphunzitsi wamkulu wogwira ntchito mokhulupirika alibe chifukwa choopera. Iye angasamutsidwe chaka chamawa, koma ophunzira akale ndi eni dera, ndipo ana awo ndi adzukulu awo ndiwo adzakhale pa mabenchiwo. Asankhe tsiku limodzi pa chaka loti ophunzira akale abwere, aone zipinda, amve zosowa za sukulu ndi kucheza ndi ana.

Tsiku loyenera kuyambira lilipo kale. Pa 12 Okutobala, aphunzitsi akamaguba, ophunzira akale akhale pomwepo. Mwambo ukatha, afunse kumene kukukhala aphunzitsi awo akale amene ali moyo. Ena a iwo ali m'midzi, maso adachita mdima, ndalama ya penshoni siikwanira mwezi, ndipo papita zaka osamva wina akuwatchula kuti aphunzitsi. Awayendere atanyamula kankhuku kapena kathumba ka ufa monga mwa mwambo, atengenso kope ndi cholembera. Awafunse chaka chimene adafika, sukulu imene adaipeza, ana amene akuwakumbuka ndi anzawo amene sadabwerere. Zimene adzanene tsiku limenelo zilembedwe pa tsamba loyamba la mbiri ya sukuluyo, ndipo Lolemba lotsatira ziwerengedwe pa mzere pamaso pa ana onse.